Tayala lotentha pa Lunzu

Woyamba kumva fungo anali mayi a kunyumba. Tinali titangodutsa pa Kameza, mmawa wa Loweruka mu Okutobala, ana awiri ali kumbuyo ndi thumba la ufa, tikupita ku chinkhoswe ku Balaka.

"Bambo a Chisomo, simukumva kununkha ngati mphika wapserera?"

Ndinati mwina ndi lole imene inali patsogolo pathu, poti malole olemera akamatsika mtunda mabuleki awo amanunkha choncho. Loleyo inakhota, fungo linatsala nafe. Apa m'pamene ndinayamba kumvetsera galimoto yanga. Pamalo potsetsereka, pamene masiku onse imangoyenderera yokha ndikachotsa phazi pa moto, tsikuli inkachita ngati wina akuikoka malaya kumbuyo. Tikufika pa Lunzu ndinapatuka, n'kuima pafupi ndi amayi ogulitsa tomato.

Matayala akutsogolo anali bwinobwino. Limu ya kumbuyo kudzanja lamanja inali yofunda kuposa mmene iyenera kukhalira. Ya kumanzere sindinaikhudze n'komwe: nditangoyandikitsa dzanja ndinamva kuwawula ngati mbaula, ndipo kautsi kabuluu kankatuluka m'mabowo a limu. Chisomo anali atakhala pamwamba penipeni pa tayala limenelo ulendo wonse. Ndinawatsitsa onse m'galimoto, mtima uli thithithi.

Anyamata ena anathamanga ndi chigubu cha madzi, mwa chifundo chawo. Mwayi wake ndinali nditaimbira kale amalume, amene anagwira ntchito yokonza mabasi zaka zambiri asanapume, ndipo mawu awo oyamba pa foni anali akuti, "Usathire madzi, mphwanga. Dramu lotentha ukalithira madzi limapindika, mwinanso kung'aluka. Khala pansi, lizizire lokha."

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti mabuleki amenewa anali atsopano. Ndinali nditawamanga ndekha Loweruka lapitalo.

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya 1998, ya mabuleki a madisiki kutsogolo ndi madramu kumbuyo, ngati galimoto zing'onozing'ono zambiri zochokera ku Japan zimene zadzaza misewu yathu. Nthawi ya COF, yokayezetsa ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, inali itayandikira, handibuleki sinkagwira bwino pa mtunda wa kwathu ku Chilomoni, ndipo kumbuyo kunkamveka kukwecha. Nditatsegula ndinapeza mashuzi, zitsulo zokhota zimene zimagwira dramu mkati kuti tayala liime, atatha mpaka kutsala pang'ono kufika pa chitsulo, silinda imodzi yokankha mashuziwo ikudontha, madramu atakumbika mizere. Ndinapita ku Limbe n'kugula mashuzi, madramu awiri ndi masilinda awiri. Masipiling'i sindinagule, poti akale ankaoneka abwino. Ndinajambula zonse pa foni ndisanamasule, ndinachita mbali imodzi kaye kenako inayo monga amanenera, ndinabilida mabuleki, kutanthauza kuchotsa mpweya m'mafuta ake, mothandizidwa ndi mwana wa achimwene akupopa pedulo. Poveka dramu latsopano linalowa mothina. Ndinaligogoda ndi chipika mpaka linakhala, ndinazungulitsa tayala n'kumva kuti likukoka, ndipo ndinadziuza mawu amene ndawamvapo kambirimbiri m'magalaja: zatsopano zimathina, zikhala zokha zikayenda. Sabata yonse ndinkangoyenda pafupi, kuchoka kunyumba kupita m'tauni, mtunda wosakwana kutenthetsa kanthu.

Pa Lunzu paja tinakhala pafupifupi ola. Mayi ndi ana anakwera minibasi kuti asaphonye mwambo. Amalume anandiuza pa foni kuti ndichotse chipulasitiki cha pakati pa mipando, ndipeze nati imene imakoka kebulo ya handibuleki, ndiibweze mpaka kebuloyo ikhwepe. Nditatero n'kukweza galimoto pa jeke, tayala la kumanja linazungulira momasuka. La kumanzere linkakanabe. Ndinagogoda dramu ndi sipanala ya matayala, ndinagwedeza kebulo pansi pa galimoto, ndipo linamasukako pang'ono. Ndinabwerera ku Blantyre pang'onopang'ono, ndikuima pafupipafupi kuti ndimve kutentha, handibuleki osaikhudzanso.

Amalume anafika Lolemba mmawa, atanyamula kachikwama kawo ka zida kamene ndinkakaona ndili mwana. Sanayambe ndi kumasula. Anakhala pa chipika, n'kundifunsa funso limene ndakhala nalo mpaka lero.

"Ukaponda pedulo, chimakankha shuzi kuti igwire dramu ukuchidziwa. Nanga ukachotsa phazi, chimaibweza n'chiyani?"

Ndinati mafuta a buleki amabwerera, shuzi n'kutsatira.

"Ayi. Mafuta sakoka kanthu. Phazi lako lili ndi mphamvu, chothandizira cha pa injini chimawonjezera, mafuta amanyamula mphamvu yonseyo kukafika nayo pa tayala. Pobwerera palibe phazi, palibe injini. Pali kawaya kopota aka basi." Anatola sipiling'i ina yakale imene inali m'chitini n'kuiika m'dzanja langa. "Chilichonse chimene chingakapose mphamvu kameneka, buleki yako yagwira. Ndiye ntchito yathu lero ndi kufufuza amene akulimbana ndi sipiling'i."

Ndinali nditamanga buleki yonse ndikuganiza za kugwira kokha. Zoti buleki ili ndi ntchito yachiwiri, yosiya tayala, komanso kuti ntchito yachiwiriyo ili pamapewa a tizitsulo tiwiri topyapyala, sizinandilowe m'mutu.

Amene angalimbane ndi sipiling'i alipo atatu, ndipo amalume anawatchula powerenga zala: mafuta amene akana kubwerera, kebulo imene ikukokabe, ndi chitsulo chimene chakola chitsulo chinzake mkati mwa dramu. Anayamba ndi mafuta, osati chifukwa ankawakayikira kwambiri, koma chifukwa kuyesa kwake sikutenga nthawi. Tinakweza kumbuyo, tinaika masitandi, osati njerwa, tinatchinga matayala akutsogolo ndi miyala. Ndinaponda pedulo kangapo mwamphamvu n'kusiya. Tayala la kumanzere linkakokabe. Iwo anaveka sipanala pa kanipo kobilidira kuseli kwa silinda n'kukatsegula pang'ono. Mafuta anangodontha, dontho, dontho, mwaulesi, ndipo tayala silinasinthe.

"Mafuta alibe mlandu," anatero, akutseka.

Akanathovoka mwamphamvu tayala n'kumasuka pompo, nkhani ikanakhala ina. Zikanatanthauza kuti mafuta akupita koma sakubwerera, ndipo olakwa amakhala awiri. Wina ndi paipi ya labala imene imalumikiza paipi yachitsulo ya pa thupi la galimoto ndi ya ku tayala. Kunja imatha kuoneka yabwino, koma ikakalamba imafufuma mkati, kapena kachikopa kake kamasendeka n'kukhala ngati chitseko cholowera mbali imodzi: phazi limakankha mafuta n'kudutsa, koma sipiling'i ilibe mphamvu yowabweza. Ambirife timaiwononga tokha poipana ndi pulayazi kuti mafuta asatayike posintha silinda. Wina ndi masita silinda, imene pedulo imakankha kuti mafuta apite ku matayala. Mkati mwake muli kabowo kakang'ono kwambiri kamene kamatseguka pedulo ikabwerera mpaka pamapeto, kuti mafuta abwerere m'kabotolo kawo. Ngati wina anasintha utali wa kandodo ka pedulo, kapena ya chothandizira chija, mpaka pedulo yasowa kampata kake kosewerera, kabowoko sikatseguka. Labala yofufuma chifukwa wina anathiramo mafuta olakwika, monga a injini kapena a chiwongolero, imatsekanso kabowo komweko. Chizindikiro chake n'chodziwika: mmawa galimoto imanyamuka bwinobwino, ikayenda mafuta akatentha n'kufutukuka mabuleki amayamba kugwira okha, ndipo sagwira tayala limodzi ayi. Pa galimoto ngati yangayi mapaipi amayenda mopingasa, tayala la kumbuyo kumanzere limamwera pamodzi ndi la kutsogolo kumanja, kotero vuto la masita silinda likanaonekanso kutsogolo. Kusiyanitsa awiriwa n'kosavuta: ukamasula paipi pa masita silinda pomwepo tayala n'kumasuka, vuto lili kumtunda, likapanda kumasuka koma pa kanipo limamasuka, vuto lili pakati, ndipo kawirikawiri ndi paipi ya labala.

Tayala langa linkagwira ngakhale kuli kozizira, ndipo kutsogolo kunalibe kanthu. Tinapita kwa wachiwiri.

Dramu linakana kutuluka. Ine ndinali nditatola kale hamala, koma amalume anandiletsa. Madramu a Toyota ali ndi timabowo tiwiri ta mazinga pankhope pake. Ukapotokolamo mabawuti awiri a M8 mosinthanasinthana, dramu limadzikankha lokha. Koma ngakhale zimenezo anati tidikire kaye. Anachotsa kalabala kuseli kwa backing plate, chimbale chachitsulo chimene mashuzi amakhalapo, analowetsa sikuludiraiva yopyapyala kukankha kachitsulo kamene kamagwira mano a ajasita, chipangizo chotseka mpata wa pakati pa shuzi ndi dramu, ndipo ndi ina anabweza ajasitayo mano angapo. Dramu linatuluka ndi manja. Ndinafuna kuuzira fumbi lakuda limene linali mkati, iwo anandigwira phewa. Fumbi la mabuleki si lopumira, ena mwa mashuzi amakhala ndi asbestos. Tinapukuta ndi sanza yonyowa.

Mashuzi anga atsopano, a sabata imodzi, anali atasanduka akuda ndi onyezimira ngati pansi pa mbale ya dothi yowotcha. Mkati mwa dramu munali mawanga abuluu. Amalume analoza ndi chala kuseli kwa shuzi ya kumbuyo, pamene pali kamkono kachitsulo kamene kebulo ya handibuleki imakoka.

"Kamkono aka kakuyenera kugona pa malo ake handibuleki ikakhala pansi. Taona, kali m'malere."

Panali mpata woonekeratu. Handibuleki inali pansi, nati ndinali nditaimasula kale pa Lunzu, koma kamkonoko kanali kokokedwabe. Anachotsa kebulo pa kamkono, ndipo kanabwerera kuti gwa pa malo ake, mashuzi onse awiri n'kulowa mkati. Kenako anandipatsa nsonga ya kebulo kuti ndiikoke ndi kuikankha. Sinasunthe. Titaitsata pansi pa galimoto tinapeza kalabala kotchinga pakamwa pa chikopa chake kanang'ambika kalekale. Matope a dzinja lililonse, madzi a m'zithaphwi za msewu wa kwathu, zonse zinkalowa m'menemo, ndipo waya unachita dzimbiri mkati. Dzanja likakoka handibuleki, waya umayenda, chifukwa dzanja ndi lamphamvu. Likasiya, wotsala ndi sipiling'i, ndipo sipiling'i singakoke waya wadzimbiri wautali choncho.

Ndinafunsa chimene chinkandizunguza mutu. Kebuloyi sinachite dzimbiri sabata imodzi. Bwanji ndi mashuzi akale tayala silinkatentha?

Yankho lawo ndi limene landichititsa kulemba nkhaniyi. Mashuzi akale anali opyapyala, dramu lakale linali lokumbika, lalikulu mkati. Pakati pawo panali mpata wambiri, moti ngakhale kebulo inkasiya kamkono kali kokokedwa theka, shuzi sinkafika pa dramu. Komanso zaka zonsezi, handibuleki ikayamba kukwera kwambiri, aliyense amene ankagwira galimotoyi, ineyo ndi amakaniko osiyanasiyana, ankangothamangira nati ya pakati pa mipando n'kuimanga. N'kosavuta, sipafunika jeke, mwini galimoto amachoka akusangalala kuti handibuleki yafupika. Chaka ndi chaka kebulo inkafupikitsidwa kuti ilondole shuzi imene ikutha. Ajasita ya mkati, imene ntchito yotseka mpatawo ndi yake, inali itauma ndi fumbi osazungulira. Galimoto yonse kumbuyoko inali itazolowerana ndi shuzi yakutha. Ine ndinabweretsa shuzi yonenepa ndi dramu lothina, n'kuziika pakati pa zinthu zimene zinakonzekera shuzi yowonda. Kumanja nati yokha ndiyo inkakoka, n'chifukwa chake kunangofunda ndipo kunamasuka nditaibweza. Kumanzere kunali nati ndi dzimbiri pamodzi.

Apa ndikufuna kunena mosabisa, chifukwa chizolowezi chimenechi chili ponseponse ndipo n'choopsa. Nati ya handibuleki si yokonzera mabuleki akumbuyo. Ntchito yake ndi kuchotsa kukhwepa kwa waya basi, ndipo imagwiridwa pomalizira, mpata wa shuzi ndi dramu utakonzedwa kale mkati. Munthu akakuuzani kuti wakukonzerani handibuleki koma tayala sanalikweze n'komwe, wabisa matenda, sanachize.

Ndinkaganiza kuti tapeza ndipo tatha. Amalume anati wachitatu sitinamufunse. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mphwanga. Tamasula kale, tione zonse."

Tinachotsa mashuzi. Pa backing plate pali timalo tokwera pamene m'mphepete mwa shuzi mumatsetsereka, titatu pa shuzi iliyonse. Anandigwira chala n'kuchiyendetsa pamenepo. Panali timigula, tokumbidwa ndi shuzi yakale pa zaka makumi awiri ndi kuposa. Shuzi yatsopano ikatuluka kukagwira dramu, pobwerera imatha kukodwa pa mzere wa kamgula koteroko. Anapala ndi fayilo mpaka chala chinkadutsa osamva kanthu, n'kupakapo girizi ya mabuleki, yosasungunuka ndi moto, pang'ono kwambiri ngati mmene munthu amapakira mankhwala pa chilonda. Girizi wamba amasungunuka n'kuyenderera pa shuzi, ndipo shuzi yodya mafuta imagwira mwadzidzidzi kapena osagwira n'komwe. Ine pomanga ndinali ndisanapake kalikonse.

Anatenga shuzi yatsopano ndi yakale, mwayi sindinataye, n'kuziphatikiza msana ndi msana kuti aone ngati zikufanana utali, mabowo ndi nsonga zimene zimakhala pa silinda ndi pa chotsamira cha pansi. Zinafanana. Anati sizikhala choncho nthawi zonse: galimoto za dzina limodzi zimasiyana malinga ndi chaka ndi msika umene zinapangidwira, ndipo pali mashuzi otchipa amene chitsulo chake chimakhala chotalikirapo pang'ono kapena utoto wake wochindikala pa nsonga. Kachidutswa ka milimita kamakwana kuti dramu lithine. Pa galimoto zina, makamaka mapikapu, shuzi ziwiri za tayala limodzi sizifanana, ina ili ndi chikopa chachitali ndipo ili ndi mbali yake. Ukazisinthanitsa buleki imaluma. Ma ajasita nawo ali ndi mbali, wa kumanzere ndi wa kumanja, mazinga ake amayenda mosiyana. Anga anali m'malo mwake, koma anali ouma gwa. Tinawamasula, tinatsuka mazinga ndi burashi ya waya mpaka ankazungulira ndi zala ziwiri.

Masipiling'i anawayang'ana kamodzi n'kuwaponya m'chitini. A kumanzere anali atasintha mtundu ndi moto wa pa Lunzu, ndipo sipiling'i ikapsa imataya mphamvu ngakhale ikuoneka yathunthu. A kumanja anati achoke nawonso, chifukwa mabuleki amasinthidwa mbali zonse ziwiri kuti galimoto isakokere kumodzi. Zinandikhudza kuti pa zonse zimene ndinagula, chinthu chokhacho chimene ntchito yake ndi kumasula tayala ndicho ndinachisiya chakale, chikhalirenicho ndicho chotchipa kuposa zonse.

Tinabwerera ku Limbe masana kukagula kebulo, masipiling'i ndi mashuzi ena. Ndinafunsa ngati sitingangopala opsawo ndi sandipepa. Anati shuzi yongonyezimira pamwamba imapalidwa, koma iyi inafuka utsi, ndipo chikopa chake n'chomata ndi guluu pa chitsulo. Moto wotere umafooketsa guluuyo, ndipo chikopa chikamatuka galimoto ikuthamanga chimakapanikizika mkati, tayala n'kuima nji. Sindinatsutse. Madramu anawayeza ndi chida chawo m'malo angapo kuti aone ngati akadali ozungulira. Dramu la galimotoyi limakhala mamilimita 200 mkati likakhala latsopano, ndipo malire ake ndi 201. Nambala ya malireyo imalembedwa pa dramu lenilenilo. Milimita imodzi yokha ndiyo moyo wonse wa dramu. Anga anapulumuka, tinangowapala mawanga aja ndi sandipepa. Anasenda kalabala ka silinda ya kumanzere kuona ngati moto unaiwononga, panali pouma. Anazungulitsa habu, pamene tayala limamangidwa, akumvetsera beringi, poti moto wa dramu umasungunula girizi ya m'menemo. Inali chete. Mafuta a buleki tinasintha onse. DOT 3, mtundu wa mafuta a buleki, ikakhala yatsopano imawira pa madigiri osachepera 205, koma ikamwa chinyezi imatsika kufika cha pa 140, ndipo mafuta akawira pedulo imangolowa pansi popanda chogwira. Ndikaganiza kuti ulendo uja ukanakhala wotsika ku Chikwawa, pa mapiri a Thabwa, thupi limachita tsembwe.

Kumanga kwake kunali kwa ndondomeko, ndipo ndondomekoyo ndi imene ndinaiphonya poyamba. Nati ya pakati pa mipando inakhala yomasuka kotheratu. Kamkono kanagona pa malo ake mbali zonse ziwiri. Ajasita tinaifupikitsa, dramu linalowa ndi manja okha, popanda chipika. Amalume anajambula mizere ya choko pa mashuzi, anaveka dramu, analizungulitsa, n'kulivulanso kuti aone pamene choko chafufutika, ngati shuzi ikukhudza ndi mimba yonse kapena nsonga yokha. Kenako tinatsegula ajasita pang'onopang'ono. Buku la galimotoyi limati mashuzi achepere dramu ndi 0.6 ya milimita. Iwo chiwerengerocho amachidziwa, koma amachimva ndi khutu: tayala lizungulire momasuka, kukumveka kakukhudza kapansipansi, osati kukoka. Pakati pa kuyesa kulikonse ankandiuza kuti ndiponde pedulo kuti mashuzi akhale pakati, chifukwa shuzi yopendekeka imanamiza, umaganiza kuti yathina pamene yangotsamira mbali imodzi. Pa Corolla imeneyi ajasita imadzisuntha yokha ukamakoka handibuleki, ndiye titamaliza tinaikoka ndi kuitsitsa kambirimbiri mpaka kulira kwa mano ake kunasiya kumveka kumbuyo.

Pamapeto penipeni m'pamene anagwira nati ija. Anaimanga pang'onopang'ono mpaka handibuleki inkagwira zolimba italira pakati pa kanayi ndi kasanu ndi kawiri. Anaitsitsa, anapita kumbuyo, anazungulitsa matayala onse awiri. Anaikokanso, anaitsitsanso, anazungulitsanso. Anachita zimenezi kasanu, osalankhula.

Dzuwa likupendeka tinatuluka kukayesa. Anati tidutse msewu womwewo. Ndinayendetsa mpaka pa Kameza ndikuponda buleki mofatsa kangapo kuti mashuzi ayambe kuzolowera dramu, kenako anandiuza kuti ndisaikhudzenso pokhapokha patafunika. Pa kutsetsereka kuja ndinachotsa phazi pa moto, ndipo galimoto inayenderera yokha mmene ndinkaidziwira. Pa Lunzu ndinapatuka pamalo omwe aja. Amayi a tomato anandizindikira, mmodzi anafunsa ngati ana anafika bwino ku Balaka. Amalume anatsika, anazungulira galimoto akuyandikitsa kuseli kwa dzanja pa limu iliyonse asanaigwire. Atafika pa ya kumbuyo kumanzere anaikapo chikhatho chonse, n'kukhala choncho kanthawi.

"Bwera udzagwire wekha," anatero.

Chitsulocho chinali chofunda pang'ono chabe, mofanana ndi cha kumanja. Tinagula tomato wa mulu umodzi n'kutembenuka.